Mapiritsi a matenda ovutika maganizo ndi nkhawa: tidziwe tisanalangize mbale

Pali funso limene limafika kwa abusa, akulu a mpingo ndi atsogoleri a amai m'mipingo yathu ya kuno ku Ndola ndi ku Kitwe. Munthu apita kucipatala cifukwa ca mutu wosaleka, mtima wogunda mofulumira, kusowa tulo ndi kufooka kwa thupi lonse. Ampima malungo, alibe. Ampima magazi, BP ndi shuga, zonse zili bwino. Pamapeto pake dotolo akhala naye pansi, amfunsa za moyo wake, namuuza kuti vuto ndi depression kapena matenda a nkhawa. Ampatsa timapiritsi tomwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi yambiri. Munthuyo afika nato kunyumba, koma asanamwe afuna amve kwa ife. Kodi ndimwe? Kodi awa si mankhwala a anthu a misala? Kodi Mkristu amamwa mapiritsi cifukwa ca maganizo?

Zimene tiyankha pamenepo zikhoza kumuthandiza, zikhozanso kumupweteka. Conco tiyeni tiyambe tadziwa cimene tikambapo.

Si cisoni ciliconse cimene ndi matenda. Amai amene ataya amuna awo adzalira, ndipo ayenera kulira. Atate amene acotsedwa nchito adzakhala ndi nkhawa ya lendi ndi ndalama za sukulu. Zimenezi sizifuna mapiritsi. Madotolo amayamba kukamba za matenda pamene munthu wakhala masabata awiri kapena kuposerapo ali wokhumudwa pafupifupi tsiku lonse, masiku onse, kapena zinthu zonse zimene anali kukondwera nazo zatha kukoma. Pamwamba pa izo pamabwera zina: tulo kusowa kapena kuculuka, cakudya kukana kulowa, kutopa popanda nchito, kulephera kuika maganizo pa cinthu cimodzi, kudziona wacabecabe, ndipo kwa ena kulakalaka imfa. Cizindikiro cacikulu ndi cakuti munthuyo alephera zimene anali kucita kale. Amai a cangu aleka kupita kumsika, mwana wa sukulu wanzeru aleka kulemba, woimba m'kwaya akhala kumbuyo kenako asowa.

Matenda a nkhawa ali pafupi ndi amenewa ndipo nthawi zambiri amayendera limodzi. Munthu amada nkhawa ndi zonse kwa miyezi, sakhazikika, minofu ya m'khosi ndi m'mapewa imalimba. Ena amagwidwa ndi mantha aakulu mwadzidzidzi, mtima kugunda, mpweya kucepa, thukuta kutuluka, mpaka kuganiza kuti akufa, koma patapita mphindi zingapo zimatha. Ife kuno sitikonda kunena kuti "ndakhumudwa". Timanena kuti "ndiganiza kwambiri", kapena timaloza pacifuwa ndi pamutu. N'cifukwa cake ambiri amazungulira makiliniki kufuna mankhwala a mutu kwa caka cathunthu vuto lenileni lisanadziwike. Dotolo wabwino amayamba wapima zina zimene zimafanana ndi matendawa, monga kucepa kwa magazi ndi matenda a cithokomiro.

Bungwe la WHO linawerengera kuti m'caka ca 2019 anthu pafupifupi 280 miliyoni padziko lonse anali ndi depression, ndipo 301 miliyoni anali ndi matenda a nkhawa. Ife a ku migodi tili ndi zathu zotiwonjezera katundu. Mgodi wa Bwana Mkubwa, umene azungu ofufuza miyala anaulemba mu 1902, watsegulidwa ndi kutsekedwa kangapo, ndipo nthawi iliyonse mabanja amasweka nawo. Ambiri tikumbukira kugulitsidwa kwa migodi ya ZCCM kumene kunatha mu 2000, kuimitsidwa kwa nchito ku Mopani mu 2020, ndi cilengezo ca mu 2021 cakuti Indeni ileke kuyenga mafuta. Kutha kwa nchito, kaloba, maliro otsatizana, nkhanza za m'banja ndi matenda okhalitsa monga HIV ndi shuga ndizo zimatsegulira matendawa khomo. Wina adzati, nanga piritsi lidzabweza kaloba? Iai, silidzabweza. Koma munthu amene alephera kudzuka pamphasa sangapite kukafuna ganyu, ndipo apo ndi pamene mankhwala ali ndi malo ake.

Kumene mankhwalawa anacokera

Nkhani yake inayamba ndi cifuwa ca TB, matenda amene mabanja a m'migodi awadziwa bwino. Mu 1952 madotolo a pacipatala ca Sea View ku New York anali kuyesa mankhwala atsopano a TB ochedwa iproniazid. Anaona kuti odwala amene anali atagona mwakacetecete ayamba kudya, kuceza ndi kuseka, kuposa mmene mapapo awo anali kucirira. Mu 1957 dotolo wa ku Switzerland, Roland Kuhn, analengeza kuti mankhwala ena, imipramine, athandiza odwala ovutika maganizo kwambiri. Amitriptyline inatuluka mu 1961, ndipo fluoxetine, imene ambiri amaidziwa ndi dzina la malonda la Prozac, inaloledwa ku America mu 1987. Mitundu iwiri yomalizayi ili pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunika kwambiri, ndipo ndi imene odwala athu amakumana nayo kawirikawiri. Ena amapatsidwa sertraline, citalopram kapena escitalopram, amene ali m'banja limodzi ndi fluoxetine.

Mu ubongo, minyewa imatumizirana mauthenga pogwiritsa nchito timadzi tina monga serotonin ndi noradrenaline. Mnyewa ukatulutsa timadziti umatimwanso pambuyo pake. Mankhwalawa amacedwetsa kumwanso kumeneko, conco timadzito timakhalitsa pakati pa minyewa. Mwina munamvapo kuti wodwala depression wangosowa serotonin monga mmene ndiwo zimasowera mcere. Kufotokoza kumeneko n'kwacidule kwambiri, ndipo akatswiri ambiri sakuvomereza. Serotonin imasintha patangopita maola ocepa munthu atamwa piritsi, koma mtima umatenga masabata kuti upepuke, kusonyeza kuti pali zina zimene zimasintha mu ubongo pang'onopang'ono.

Cimene cinapimidwa ndi cakuti mankhwalawa amathandiza. Mu 2018 magazini ya zacipatala ya The Lancet inafalitsa kafukufuku amene anasonkhanitsa mayeso 522 a anthu oposa 116,000, okhudza mitundu 21 ya mankhwalawa. Yonse 21 inathandiza kuposa mapiritsi opanda mankhwala. Koma tikambe zoona: kusiyanako sikunali kwa dziko ndi kumwamba, ndipo si onse amene amacira ndi mtundu woyamba. Ena amafunika kusinthiridwa. Komanso WHO imalangiza kuti munthu amene matenda ake ndi ocepa asayambire pa mapiritsi, ayambire pa uphungu, kubwerera ku nchito zake pang'onopang'ono ndi kukhala pakati pa anthu. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa kiliniki ndi kumvetsera anthu ovutika, nchito yochedwa Friendship Bench, ndipo mayeso ofalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti inathandizadi. Mapiritsi amalowa pamene matenda akula, ndipo amagwira bwino ngati uphungu uyendera limodzi nawo.

Masabata oyamba ndiwo ovuta

Apa ndi pamene tifuna kukhalitsa, cifukwa ambiri amagwera pano. Tinazolowera Panadol, amene umamwa mutu n'kuleka, ndi Coartem, amene masiku atatu nkhani yatha. Mankhwala a maganizo sali conco. Kusintha kumayamba kuoneka patapita masabata awiri mpaka anai, ndipo kwa ena mpaka asanu ndi limodzi. Coipa n'cakuti zovuta zake zimafika tsiku loyamba, ubwino wake n'kubwera pambuyo. Munthu amwa masiku asanu, amva mseru ndi mutu, mtima ukali wolemera monga kale, ndiye anena kuti mankhwalawa amukana. Aleka asanafike pamene akanathandizidwa.

Fluoxetine amamwa m'mawa, cifukwa kwa ena imacotsa tulo. Akulu ambiri amamwa 20 mg patsiku, ndipo ena amayamba ndi yocepa. M'sabata loyamba kapena laciwiri ikhoza kubweretsa mseru, mutu, kutsegula m'mimba ndi kusakhazikika. Amene ali ndi matenda a nkhawa angaone ngati nkhawa yawonjezeka, ndipo n'cifukwa cake dotolo amawayambitsa ndi mlingo wocepa. Zambiri mwa izi zimatha zokha. Pali cina cimene odwala amacita naco manyazi: mankhwala a banja limeneli akhoza kucepetsa cilakolako ca m'banja kapena kucedwetsa zinthu kucipinda. Mwamuna ndi mkazi akapanda kudziwa, amayamba kuganizirana zoipa, mlandu n'kufika kwa ankhoswe. Ndi bwino kumuuza dotolo mosabisa, cifukwa akhoza kusintha mlingo kapena mtundu.

Amitriptyline amamwa usiku, cifukwa imagonetsa. Kawirikawiri amayamba ndi 25 mg, dotolo n'kuwonjezera pang'onopang'ono. Imaumitsa m'kamwa, imadzimbitsa, imabweretsa cizungulire munthu akaimirira mofulumira, ndipo ena amanenepa nayo. Amene ayendetsa basi kapena thiraki, amene agwira makina, ndi amene alowa shifiti ya usiku, auze dotolo za nchito yawo asanalandire. Kwa agogo athu imavuta kwambiri: amagwa, amasokonezeka, ndipo aamuna ena amalephera kukodza. Odwala mtima ayenera kupimidwa asanaiyambe. Tidziwenso kuti amitriptyline yomweyi imaperekedwa pa mlingo wocepa kwa odwala mapazi oyaka cifukwa ca shuga kapena HIV, conco tikaiona m'nyumba ya munthu tisafulumire kumuweruza.

Mukaiwala kumwa tsiku lina, musamwe awiri mawa lake. Pitirizani monga mwa masiku onse.

Cigwero caciwiri cimabwera munthu akacira. Patapita miyezi iwiri kapena itatu tulo tabwerera, nsima ikukoma, wabwerera kukwaya. Aganiza kuti nchito yatha. Koma malangizo a madotolo ndi akuti apitirize kwa miyezi yosacepera isanu ndi umodzi atacira, ndipo buku la WHO la anchito a m'makiliniki limakamba za miyezi 9 mpaka 12. Amene matenda anawabwerera kangapo amamwa nthawi yaitali kuposa apa. Kulekera panjira kumakulitsa mpata wakuti matenda abwerere.

Nanga amakola munthu monga mowa kapena camba? Sakhala ndi cilakolako cotero. Palibe amene amaba ndalama za ndiwo kuti akagule fluoxetine, ndipo munthu safuna kuwonjezera mlingo kuti aledzere. Koma thupi limawazolowera, conco kuleka mwadzidzidzi kukhoza kubweretsa cizungulire, mseru, maloto oipa, kukwiya msanga, ndi kumva ngati magetsi adutsa m'mutu. Kwa ena zimatenga nthawi kuti zithe. Kuleka kumafunika kucepetsa pang'onopang'ono kwa masabata kapena miyezi, dotolo akuyang'anira. Amene amakoladi ndi diazepam, amene ambiri amawacha Valium. Amenewo si mankhwala a depression. Amakhazika mtima kwa maola ocepa, koma munthu akawamwa masabata angapo amavutika kuwaleka.

Zofunika kusamala nazo kwambiri

Amitriptyline woculuka amasokoneza kugunda kwa mtima ndipo amapha. Ngati wodwala anakambapo za kufa, mapiritsi asakhale m'manja mwake onse. Wacibale wodalirika awasunge ndi kumpatsa a tsiku limenelo, ndipo dotolo auzidwe kuti apereke ocepa nthawi imodzi kapena asankhe mtundu wina. Asungidwe kutali ndi ana, cifukwa mapiritsi ocepa cabe akwanira kupha mwana wamng'ono.

Acinyamata osakwana zaka 25 afunika diso la makolo m'masabata oyamba ndi pamene mlingo wasinthidwa. Mwa ocepa a iwo, maganizo odzipha amakula pa nthawi imeneyi. Ici si cifukwa cowakaniza cithandizo, pakuti matenda osacizidwa nawo amapha, koma ndi cifukwa cobwerera kucipatala tsiku lomwelo ngati mwana wayamba kusakhazikika kapena kukamba za imfa.

Pali anthu ena amene kukhumudwa kwawo kumasinthana ndi nyengo za mphamvu zopitirira: sagona koma satopa, akamba kosaleka, amwaza ndalama, adziona ngati munthu wamkulu kwambiri. Matendawa amachedwa bipolar, ndipo mankhwala a depression okha akhoza kuwadzutsa. M'chalichi tiyenera kucenjera, cifukwa munthu wotere poyamba amaoneka ngati wadzazidwa ndi cangu ca utumiki. Ngati zotere zinacitikapo kwa iye kapena m'banja mwake, dotolo adziwe.

Dotolo adziwenso mankhwala ena onse amene munthu akumwa. Tramadol ikaphatikizana ndi fluoxetine ikhoza kubweretsa kunjenjemera, kutentha thupi ndi khunyu. Linezolid, imene amalandira ena odwala TB yosamva mankhwala, ili ndi vuto lofanana. Rifampicin ya TB wamba imafooketsa ena mwa mankhwalawa. Brufen, diclofenac ndi aspirin zikaphatikizana ndi fluoxetine zimakulitsa ciopsezo ca kukha magazi m'mimba. Amene ali pa ma ARV asabise ku ART kiliniki. Efavirenz, imene ambiri anamwa TLD isanabwere, payokha inali kubweretsa maloto oopsa ndi kukhumudwa kwa ena. Mankhwala a zitsamba nawonso achulidwe. Za mowa, kaya ndi Chibuku, kaya kacasu, umakulitsa matenda ndipo pamodzi ndi amitriptyline umagonetsa moopsa. Amai oyembekezera kapena oyamwitsa asaleke okha ndipo asayambe okha. Pali mitundu imene madotolo amasankha pa nthawi imeneyi, ndipo mai wodwala wosathandizidwa amavutika pamodzi ndi khanda lake.

Mbali ya mpingo

Tinaphunzira mowawa pa nthawi ya ma ARV. Tinaona anthu atauzidwa kuti acira, nataya mankhwala kuti aonetse cikhulupiriro, ndipo tinapita kumaliro awo. Tisabwereze zimenezo pa matenda a maganizo. Mipingo ya m'Zambia yakhala ikuyendetsa zipatala kuyambira kale, ndipo kucokera mu 1970 zimagwirizana m'bungwe limene lero lichedwa CHAZ. Sitinaonepo kutsutsana pakati pa kupempherera wodwala ndi kumpatsa mankhwala, ndipo ubongo ndi ciwalo ca thupi monga impso ndi mapapo. Mbale akaimirira kupereka umboni kuti wapepukidwa, tikondwere naye, koma wina mwa akulu amukumbutse pambali kuti nkhani ya kuleka mapiritsi ndi ya iye ndi dotolo wake.

Pa kusala kudya, wodwala amwe mankhwala ake monga mwa nthawi zonse. Fluoxetine ikhoza kumwedwa popanda cakudya, koma ngati ibweretsa mseru munthu adye kanthu. Amene ali pa amitriptyline asasale madzi, makamaka m'kutentha kwa Okutobala, cifukwa akhoza kugwa ndi cizungulire. Mapemphero a usiku wonse nawo tiwaganizire. Tulo ndi mbali ya kucira kwake, conco akapita kunyumba 21 koloko tisamuone ngati wofooka. Ndipo pompempherera, dzina lake ndi matenda ake zisalengezedwe kuguwa iye asanalole. Nkhani imene yakambidwa pa msonkhano wa amai Lacinai imakhala itafika pampopi wa m'komboni Lacisanu.

Mantha aakulu a anthu athu ndi dzina la Chainama, limene lakhala ngati citonzo. Chainama Hills ku Lusaka ndi cipatala monga zina, koma zoona zake n'zakuti ambiri odwala depression ndi nkhawa sagonekedwa n'komwe. Amaonana ndi dotolo kapena clinical officer, alandira mankhwala, n'kubwerera kwawo ku Mushili, Ndeke kapena Itawa. Poyambira ndi pa kiliniki ya pafupi, imene imatumiza ku Ndola Teaching Hospital kapena Kitwe Teaching Hospital ngati pafunika. Mu 2019 dziko lathu linakhazikitsa lamulo latsopano la Mental Health Act m'malo mwa lija la nthawi ya atsamunda limene linali kuchula odwala ndi maina onyoza. Lamulo latsopanoli limateteza ulemu wa wodwala ndi cinsinsi cake.

Nthawi zina mankhwala amasowa pacipatala. Wodwala apite kukatenga ena akali ndi a sabata lathunthu, osadikira piritsi lomaliza. Akasowa, apemphe kapepala ka dotolo n'kukagula ku pharmacy yovomerezeka ndi ZAMRA, ndipo amene ali ndi khadi la NHIMA afunse ngati lingathandize. Apa ndi pamene thumba la madikoni lingagwire nchito yooneka, ngakhale ndalama ya basi cabe. Mankhwalawa sagulidwa pa kantemba kapena pamsika, ndipo sabwerekana. Zimene zinathandiza mlamu wanu zikhoza kukhala zoopsa kwa inu.

Munthu akakamba kuti watopa ndi moyo, kapena ayamba kugawa katundu wake ndi kutsazika mosadziwika bwino, mufunseni mosazungulira ngati aganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo, ndipo ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa. Akavomera, asasiyidwe yekha. Cotsani m'nyumba mapiritsi onse, mankhwala a makoswe, mankhwala opopera m'munda ndi zingwe, ndipo mupite naye kucipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Nambala ya Lifeline 933 ndi ya Childline 116 ndi zaulere. Ngati wamwa kale mapiritsi ambiri, musamusanzitse ndi mkaka, saladi kapena madzi a mcere, ndipo musadikire kuti muone mmene adzakhalira m'mawa, cifukwa amitriptyline ikhoza kugwira mtima patapita maola munthu akali kuoneka bwino. Thamangirani naye ku casualty, mutanyamula mapaketi onse amene mwapeza, ngakhale opanda kanthu, kuti madotolo adziwe cimene wamwa ndi kuculuka kwake.